Ulemu kwa Kamluzu ka M'masipika

Pa zonse zimene zimakhala m'galimoto, palibe chimene chimatukwanidwa ngati kamluzu kaja kamene kamatuluka m'masipika injini ikalira. Mwini galimoto wagula wailesi ya Pioneer kapena Kenwood, wamangitsa ampulifaya kubuti, bokosi la sabuwufa lalanda malo a katundu, ndipo ndalama zapitapo zoti akanagulira matumba angapo a feteleza. Injini ili chete, nyimbo ikumveka mosalala ngati mafuta. Akangoliza galimoto, pansi pa nyimboyo pamatulukira kamawu kosongoka ngati ka udzudzu umene walowa m'neti usiku. Akaponda moto nako kamakwera, akasintha giya kamatsika n'kuyambanso ulendo wokwera. Ena amati wailesi ndi yachinyengo, ena amaloza chala wamagetsi, ena amangokweza voliyumu n'kumayenda mano ali gwa. Ine ndikuti kamluzu kameneka ndiye wantchito wokhulupirika kuposa onse m'galimotomo. Ndi woyang'anira ntchito amene salandira malipiro, sapempha ya fanta, ndipo sanavomerezepo ntchito yoipa chifukwa choti woigwira ndi mlamu wake.

Munthu wolemekezeka timayamba tamufunsa kwawo, ndipo kamluzu sikanatoledwe panjira. Mayi ake ndi alternator, makina aja amene lamba wa injini amawazunguza kuti batire isafe. Magetsi amene alternator imapanga amasinthasintha mbali, pamene batire ndi wailesi zimafuna magetsi oyenda mbali imodzi. Tizipangizo 6 totchedwa ma diode ndi timene timawawongola, koma kuwongolako sikufika posalaliratu. Pamatsala timabampu ting'onoting'ono ngati ta msewu wafumbi umene giredala sinadutsemo chaka chonse. Mu alternator ya mtundu wofala kwambiri, timabampu timeneti timakhala 36 pa kuzungulira kumodzi, ndipo lamba amaizunguza kawiri kapena katatu kuposa injini. Titenge pakatikati. Injini ikamalira galimoto itaima, ikuzungulira ka 800 pa mphindi, alternator ikuzungulira pafupifupi ka 2,000, zimene zikupereka timabampu 1,200 pa sekondi. Dalaivala akaifikitsa pa 3,000, timabampu timakwana 4,500. Tsono khutu la munthu limamva bwino kwambiri phokoso la pakati pa 2,000 ndi 5,000 pa sekondi. Kamluzu kanasankha kulankhulira pomwepo, pamene ngakhale munthu wouma mutu sanganamizire kuti sanamve. Onjezani apo kuti magalimoto ena ang'onoang'ono ochokera ku Japan alibe geji yoonetsa liwiro la injini: eni ake anapatsidwa geji yaulere yoyimba, koma m'malo mothokoza akufunafuna woti aichotse.

Banja lakelo ndi lakale ngati wailesi ya m'galimoto imene. Pamene kampani ya Paul Galvin ya ku Chicago inkatulutsa wailesi yotchedwa Motorola mu 1930, vuto lalikulu limene William Lear ndi Elmer Wavering ankalimbana nalo linali phokoso la magetsi a injini lolowerera m'mawu a wailesi. Agogo a kamluzu analipo kale pa tsiku loyamba, atakhala pampando wakutsogolo. Chosangalatsa n'chakuti Wavering yemweyo anadzakhala mmodzi mwa anthu amene anatsogolera ntchito yopanga alternator ya galimoto, ndipo mu 1960 kampani ya Chrysler inayamba kuika makinawa m'galimoto zake za Valiant ngati chipangizo cha nthawi zonse. Munthu amene anathera unyamata wake akuthamangitsa phokoso m'wailesi ndiye anadzathandiza kulimangira nyumba ya njerwa.

Koma kubadwa kokha sikukwanira kupatsa munthu ulemu, tione ntchito yake. Opanga galimoto, pofuna kusunga ndalama ndi kuchepetsa kulemera, amakoka waya umodzi wokha kupita ku chipangizo chilichonse, ndipo njira yobwerera ku batire imakhala chitsulo cha bodi ya galimoto. Ndiye earth imene amagetsi amanena ija. Anthu ambiri amaganiza kuti bodi yonse ndi earth imodzi, pamene zoona zake ndi zidutswa za malata zowotcherera, zomata ndi zomanga ndi mabawuti, ndipo pamfundo iliyonse magetsi amavutikapo pang'ono podutsa. Georg Ohm analemba lamulo la zimenezi mu 1827, ndipo silinasinthidwepo ndi nyumba ya malamulo iliyonse: ma amp 40 akadutsa pamfundo ya 0.01 ohm yokha, mbali ziwiri za mfundoyo zimasiyana ndi 0.4 volt. Tsono wailesi yamangidwa earth kudashibodi, ampulifaya yamangidwa earth kubuti, ndipo pakati pawo pali chingwe cha RCA chonyamula nyimbo, chimene chikopa chake chakunja chimalumikiza ma earth awiriwo. Ma earth akasiyana, magetsi amaona chikopacho ngati njira yachidule n'kudutsamo, atasenza timabampu ta alternator tija. Nyimbo yoyenda m'chingwecho ndi yofooka, ma volt 2 kapena 4 ikafika pachimake, ndipo pa voliyumu ya munthu wanzeru ndi kachigawo chabe ka pamenepo. Ampulifaya ilibe nzeru zosankha. Imakuza zonse zimene yalandira, nyimbo ndi mlendo yemwe. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kamluzu kamadziwa zimenezi: kamakhala pa nyimbo yeniyeniyo, moti simungakamenye osaswa chimene munagula.

Apa ndi pamene pagona ukulu wake. Ntchito yonse yomanga zoimbira m'galimoto imabisika. Ili pansi pa kapeti, kuseri kwa dashibodi, m'mphepete mwa zitseko. Mwini galimoto amaona timagetsi tabuluu ta wailesi ndi dzina lolembedwa pa ampulifaya, basi. Kwathu kuno ntchito imeneyi ndi yambiri, chifukwa magalimoto ochuluka amabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe ali ndi mawailesi ogwira FM ya kumeneko, ya pakati pa 76 ndi 90, pamene nyumba zoulutsira mawu zambiri za kuno zili pamwamba pa 90. Galimoto isanazolowere n'komwe fumbi lathu, dashibodi yake yatsegulidwa kale. Oyeza galimoto kuti apereke COF amayang'ana mabuleki, matayala ndi nyali, ndipo palibe amene amakweza kapeti. Ndani tsono angaone kuti waya wa earth wamangidwa pamwamba pa penti, pa bawuti ya mpando imene ili ndi dzimbiri? Ndani angadziwe kuti waya wonenepa uja ndi aluminiyamu wopakidwa kopa kunja kokha, amene amadutsitsa magetsi ochepera kwambiri poyerekeza ndi kopa weniweni wa kukula komweko? Kapena kuti chingwe cha RCA chamangidwa pamodzi ndi waya wa batire ngati mtolo wa nkhuni kuyambira kutsogolo mpaka kubuti, kuti mawaya angopotedwa ndi zala n'kukulungidwa tepi, kuti kabatani ka gain pa ampulifaya kapotokoledwa mpaka kumapeto kuti kasitomala amve kugunda pachifuwa asanalipire? Zonsezi kamluzu kamaziona, ndipo kamazinena pagulu, apongozi ali m'galimoto momwemo.

Wotsutsa woyamba anena kuti zonsezo zili apo, kaphokosoka n'kosowetsa mtendere, ndipo munthu sanagule masipika kuti azimvetsera injini. Zoona, palibe amene angavine nako. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo tiyerekeze kamluzu ndi zolakwika zina za m'ntchito yomweyi zimene zili ndi ulemu wokhala chete. Waya wochokera ku batire kupita ku ampulifaya uyenera kukhala ndi fyuzi pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Fyuziyo ikasowa palibe chimene chimalira. Waya umangokhuzika pang'onopang'ono pabowo la chitsulo pamene wadutsa popanda labala, miyezi n'kumapita, mpaka tsiku limene utsi udzatulukire pansi pa mpando. Waya wolumikiza injini ndi bodi ukamasuka, magetsi a sitata amatha kufunafuna njira m'tizingwe tina tosayenera n'kutiwotcha. Chimenechi ndiye chilema chaulemu, chosasokoneza nyimbo. Kamluzu kalibe khalidwe limenelo. Diode imodzi ikapsa mu alternator, timabampu tija timakula kukhala maenje, ndipo nthawi zina nyali ya batire ya padashibodi siyaka n'komwe. Diode yowonongeka imathanso kumamwa batire usiku galimoto ili chiimire. Woyamba kulengeza maliro amenewa amakhala kamluzu, kamene kamakula mawu mwadzidzidzi m'galimoto imene inali chete dzulo. Womvera amakayezetsa ndi mita: batire yabwino imaonetsa ma volt 12.6 injini itazima, pafupifupi 14 injini ikulira, ndipo mita ikaikidwa pa AC n'kuonetsa zoposa theka la volt, alternator yadwala. Wosamvera amadzakankha galimoto m'mawa, atavala tayi.

Wotsutsa wachiwiri ndi wanzerupo. Iye akuti mboni yabwino imatchula dzina la wakuba, pamene kamluzu kamangolira osanena pamene pavuta, munthu n'kutha masabata akumasula mipando. Mlandu umenewu ndi wa ofunsa. Kamluzu kamayankha funso lililonse, koma limodzi pa nthawi imodzi, ngati mboni ya pabwalo la mfumu imene sifuna kuti anthu azilankhulira pamodzi. Tsitsani voliyumu mpaka pansi: kakapitiriza kulira chimodzimodzi, ndiye kuti kakulowera nyimbo itadutsa kale pamene voliyumu imalamulira, m'chingwe kapena mu ampulifaya. Zimitsani zonse, zulani zingwe za RCA ku ampulifaya, lizaninso injini. Kakalipobe, mlandu uli kubuti, pa earth ya ampulifaya, pa waya wake wa moto, kapena pa mawaya a masipika amene agundana ndi chitsulo. Kakasowa, lumikizani foni yoyendera batire yake ku ampulifaya. Nyimbo ikamveka yoyera, ampulifaya yawina mlandu ndipo mupite kutsogolo. Yalani chingwe china cha RCA pamwamba pa mipando, kutali ndi mawaya onse: kakachoka, vuto linali njira imene chingwe chakale chinadutsa. Kakakanirira, solotsani wailesi m'dashibodi, zulani waya wa eriyo, chifukwa eriyo nayo ili ndi earth yakeyake kudenga kapena kumbuyo, ya nambala 3 imene aliyense amaiwala. Ndipo musanachite chilichonse mwa izi, zulani chaja ya foni imene yalowetsedwa poyatsira fodya uku foniyo ikuimba kudzera pa waya wa AUX, chifukwa milandu yambiri imathera pomwepo. Amene amatha masabata ndi uja wosintha zinthu zinayi nthawi imodzi, kenaka osadziwa chimene chathandiza kapena chimene chaonjezera. M'dziko limene matenda a galimoto amachizidwa pogula sipeya mmodzimmodzi mpaka ndalama zithe, kamluzu ndi mphunzitsi yekhayo amene amakakamiza munthu kufufuza mwadongosolo, ndipo mayeso ake amachonga pompopompo.

Ndiponso sikalanda mawu a abale ake. Kuthetheka kwa "te-te-te" kofulumira ndi injini ndi kwa mapulagi ndi makoilo, ndipo mankhwala ake nthawi zambiri ndi mapulagi okhala ndi resistor, aja a NGK okhala ndi chilembo R m'dzina ngati BKR6E. Galimoto ya dizilo ilibe mapulagi otere, choncho m'bale ameneyu safikako. "Phu" womveka poponda buleki kapena poyatsa indiketa ndi wa maswichi. Aliyense ali ndi dera lake ndi chilankhulo chake, bola womvera akhale ndi khutu.

Pali dandaulo lachitatu limene ndimalimvera chisoni, lochokera kwa amisiri osamala. Iwo amati ntchito anaigwira bwino, earth anapala mpaka chitsulo kuwala, zingwe anazisiyanitsa, koma kamluzu kakuwanamizirabe pamaso pa kasitomala. Galu wamkota sakandira pachabe. M'mawailesi ena, ndipo a Pioneer amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, muli kafyuzi kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene kamalumikiza chikopa cha RCA ndi earth ya wailesi. Munthu akazula kapena kulowetsa chingwe zinthu zili zoyaka, makamaka earth ya ampulifaya isanamangidwe bwino, kafyuziko kamatha kupsa mwakachetechete. Wailesi imaimbabe, koma chikopa chatsala chopanda pogwira, ndipo kamluzu kamalowa ngati pakhomo popanda chitseko. Kuyesa kwake n'kosavuta: gunditsani kawaya pakati pa chitsulo chakunja cha pulagi ya RCA ndi bokosi la wailesi, ndipo phokoso likatha mwapeza. Ndiye kuti mboni ija sinaname. Inangokumbukira sekondi imodzi ya changu imene mmisiri anaiwala. Nthawi zina wolakwa ndi mwini galimoto, amene batire yake yakalamba ndipo mitu yake yachita ufa woyera. Batire ndi imene imameza gawo lalikulu la timabampu ta alternator, ndipo ikafooka timadutsa tonse. Amene amati wailesi yobwera ndi galimoto sinkalira chonchi akunena zoona, koma aiwala chifukwa chake: m'mawailesi ambiri otere zonse zili m'bokosi limodzi, earth imodzi, popanda chingwe chautali chonyamula nyimbo yofooka. Kamluzu sikavutitsa munthu wokhutira ndi zimene ali nazo. Kamayendera amene wadzikweza, n'kumufunsa ngati maziko akugwirizana ndi nyumba yosanja imene wamanga. Ampulifaya yaikulu pa mawaya opyapyala a kufakitale ndi denga la matailosi pa zipupa za zidina, ndipo n'chifukwa chake odziwa amayamba akulitsa mawaya atatu: wochokera ku alternator kupita ku batire, wa batire kupita ku bodi, ndi wa injini kupita ku bodi.

Mboni yotere singasowe ofuna kuitseka pakamwa. M'mashopu a zamagetsi mumagulitsidwa kabokosi kotchedwa ground loop isolator, kamene kamalowetsedwa pakati pa chingwe cha RCA. M'kati mwake muli timatiransifoma tiwiri timene timawolotsa nyimbo popanda chitsulo kukhudzana, motero njira yachidule ija imaduka ndipo kamluzu kamakhala chete. Ndivomere kuti pali malo pamene kabokosika n'koyenera, monga pamene foni ikuimba uku ikutchajidwa, kapena pamene zonse zakonzedwa ndipo zipangizo ziwiri zangokana kumvana. Koma kukaika pofuna kuthawa kupala penti ndi chiphuphu basi. Earth yoipa ija ikadali pomwepo, ikutentha, ampulifaya ikuvutika kupeza magetsi, nyali zikuphethira besi ikagunda. Ndipo chiphuphu chili ndi mtengo wake, chifukwa timatiransifoma totchipa timalephera kuwolotsa bwino mawu apansi kwambiri. Munthu amene anagula sabuwufa kuti amve besi walipiranso ndalama zina kuti besiyo ichepe. Njira ina yotchipa kuposa pamenepa ndi kukweza voliyumu mpaka kamluzu kamire, ndipo ndimakayikira ngati chikondi cha nyimbo chokha ndi chimene chimachititsa kuti m'maminibasi ena munthu asamve kondakitala akutchula mtengo.

Khalidwe lake lina losowa masiku ano ndi kusayang'ana nkhope. Kamalira mu Land Cruiser ya bwana ndi mawu omwewo amene kamalira nawo mu Probox yonyamula tomato. Dzina la pa ampulifaya sikaliwerenga, lisiti sikaifuna. Zida zodula zomangidwa pa penti zimalira, zida zotchipa zomangidwa pa chitsulo choyera zimakhala chete, ndipo palibe woyang'anira wina m'dziko muno amene chigamulo chake mungachilosere motsimikiza chotero. N'zachisoni kuti mtundu wake wayamba kuchepa. Magalimoto ngati Toyota Prius ndi Aqua alibe alternator, batire yawo yaing'ono imadzazidwa ndi chipangizo china chotenga mphamvu ku batire yaikulu. Ali ndi maphokoso awoawo, koma kamluzu kokwera ndi kutsika motsatira phazi la dalaivala kamene tikukadziwa kalibe mayi m'menemo, pamene amisiri omanga earth pa penti alipobe ndipo sakuchepa.

Tikawerengera zimene kamapempha kuti kachoke, timachita manyazi ndi kuchepa kwake. Kachidutswa ka sandipepa kopalira penti mpaka chitsulo chiwale. Waya wa earth wonenepa mofanana ndi wa moto, waufupi, wosapitirira masentimita 45, wokhala ndi kamutu kofinyidwa bwino, womangidwa ndi bawuti yakeyake pamalo olimba a bodi, kenaka kagirisi pamwamba poletsa chinyezi. Chingwe cha RCA chidutse mbali imodzi ya galimoto, waya wa batire mbali inayo, ndipo pamene ziyenera kukumana zipingasane m'malo moyenda limodzi. Gain itsitsidwe mpaka igwirizane ndi mphamvu imene wailesi ikutulutsa, poti batani limenelo si voliyumu yachiwiri. Zikachitika zimenezi kamluzu kamanyamuka osatsanzika, osadikira zikomo, ndipo mwini galimoto amauza anzake kuti wathana nako. Sikapita kutali. Madzi a dzinja amalowa kubuti kudzera pa labala wong'ambika, mabampu a msewu amamasula bawuti pang'onopang'ono, dzimbiri limamera pansi pa kamutu ka waya pamene girisi sanafike, ndipo pakatha mvula ziwiri kapena zitatu, m'mawa wina dalaivala akamatuluka pageti n'kuponda moto, kamayambiranso ntchito pa 1,200 pomwe kanasiyira.